Nyimbo ndi yomweyo koma ikumveka mosiyana: 128 ndi 320 zimatanthauzanji?

Pa chinkhoswe china ku Area 25 mwezi watha panabuka kamkangano komwe kanandipatsa maganizo olemba nkhaniyi. Mkwatibwi anali atasankha nyimbo yolowera, ndipo mlamu wake ndiye anakaibenetsa m'tauni n'kubwera nayo pa fulashi. Pa foni inkamveka bwinobwino. DJ atangoiponya m'masipika ake akuluakulu, maseche a m'nyimbomo anayamba kumveka ngati munthu akufinya jumbo ya pulasitiki, mawu a oyimba ali ngati akuchokera m'chidebe. DJ anati fayilo ndi yowonongeka. Mlamu uja anakana, nati, "Achimwene, taonani apa, yalembedwa 320. Iposa pamenepa ilipo?"

Onse awiri ankanena zoona. Kuti zimenezi zimveke, tiyambire pomwe nyimbo imasandukira manambala.

Mawu amalowa bwanji m'foni?

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Ng'oma ikalira, chikopa chake chimakankha mpweya, mpweyawo n'kudzagwedeza kachikopa ka m'khutu mwathu. Kunjenjemera kukakhala kwapang'onopang'ono timamva besi, kukakhala kofulumira timamva mawu okwera ngati a likhweru kapena maseche. Liwiro limeneli amaliyeza mu Hz, kutanthauza kangati pa sekondi. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa 20 Hz kufika cha m'ma 20,000 Hz, koma tikamakula malire a m'mwambawo amatsika, moti akuluakulu ambiri samvanso zopitirira 16,000 Hz.

Kompyuta siisunga kunjenjemera, imasunga manambala. Pojambula, makina amayeza mphamvu ya mawu ochokera ku maikolofoni mobwerezabwereza n'kumalemba zomwe apeza. Pa CD, yomwe makampani a Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, kuyezako kumachitika ka 44,100 pa sekondi iliyonse. Nambalayi sanangoilota. Masamu ake amati kuti ugwire mawu a liwiro linalake, uyenera kuyeza mopitirira kawiri liwirolo, ndipo 44,100 ndi yoposa pang'ono kuwirikiza kawiri 20,000 ija.

Muyezo uliwonse umalembedwa ndi timanambala 16 ta 0 kapena 1. Kanambala kamodzi koteroko ndiko kamatchedwa bit. Popeza nyimbo imakhala ndi mbali ziwiri, ya khutu lakumanja ndi lakumanzere, tikachulukitsa 44,100 ndi 16 komanso ndi 2 timapeza ma bit 1,411,200 pa sekondi. Apa ndi pomwe pakubwera mawu oti bitrate: kuchuluka kwa ma bit omwe agwiritsidwa ntchito posunga sekondi imodzi ya nyimbo. Amalemba mu kbps, kutanthauza ma bit 1,000 pa sekondi, ndipo 128 ndi 320 zija ndi ma kbps amenewa. Ndiye CD ili pa 1,411 kbps, chimodzimodzinso fayilo ya mtundu wa WAV, yomwe imasunga manambala onsewa osachepetsa, ikajambulidwa pa muyezo womwewo.

Vuto lake ndi kukula. Mphindi imodzi ya nyimbo yotere imadya malo opitirira pang'ono 10 MB, ndiye kuti nyimbo ya mphindi 4 ndi pafupifupi 42 MB. Amene anagulapo bandulo ya tsiku limodzi akudziwa kuti nyimbo zochepa chabe zoterozo zikhoza kuimaliza dzuwa lisanafike paliwombo.

Kufinya kuli pawiri

Kuchepetsa kukula kwa fayilo ndiko akatswiri amati compression. M'nkhani ino tizingoti kufinya.

Kufinya kwina kuli ngati kupinda bulangete bwinobwino kuti likwane m'chikwama. Ukafika komwe ukupita n'kulitambasula, ndi bulangete lomwe lija, palibe ulusi womwe wasowa. Kumeneku amakutcha lossless. Pulogalamu imafufuza zomwe zikubwerezedwa kapena zomwe zingalosereke m'manambala aja n'kuzilemba mwachidule. FLAC, yomwe inatuluka mu 2001, imagwira ntchito motere, monganso ALAC ya kampani ya Apple. Nthawi zambiri fayilo imatsika kufika cha pa theka kapena kuposerapo pang'ono. Nyimbo ya 42 MB ija imakhala ya 25 MB kapena chapompo, ndipo poyimba imabwerera ndendende momwe inalili.

Kufinya kwachiwiri kuli ngati kukonola chimanga. Umachotsa gaga, n'kutsala ndi mphale yomwe ndiyo ukuifuna. Nsima yake anthu adya n'kukhuta, ena n'kumati ndiyo yokoma. Koma gaga uja akapita kwa nkhuku wapita basi, sungamubwezerenso pa njere. Uku ndiye amati lossy, ndipo MP3, AAC, Vorbis ndi Opus zonse zili m'gulu limeneli. Pulogalamu kapena njira yofinyira ndi kumasulira mawu amaitcha codec, ndipo maina ndatchulawa ndi mitundu ya ma codec.

MP3 ya 128 kbps ndi yochepa ka 11 poyerekeza ndi CD. Taganizirani: pa magawo 11 alionse atsalapo ndi gawo limodzi, koma nyimbo n'kumamvekabe mpaka anthu kuvina. Funso n'lakuti, chomwe chatayidwacho n'chiyani?

Chinsinsi chili pachigayo

Aliyense amene anapitapo kuchigayo ku Kawale kapena ku Chinsapo akudziwa kuti injini ikalira, mnzako ngakhale ali pafupi sumumva pokhapokha akuwe. Mawu ake akutuluka ndithu, ndipo makina oyezera akhoza kuwapeza, koma khutu lako silikuwalandira chifukwa phokoso lalikulu lawaphimba. Chigayo chikangozima, kamphindi kochepa kwambiri m'khutu mumakhalabe ngati mwatsekeka.

MP3 inamangidwa pa khalidwe limeneli la khutu. Ntchito yaikulu inachitikira ku Fraunhofer Institute mumzinda wa Erlangen ku Germany, komwe Karlheinz Brandenburg ndi anzake anatha zaka akufufuza zomwe khutu limamva ndi zomwe limaphonya. Muyezo wake unasindikizidwa mu 1993, ndipo dzina loti mp3 kumapeto kwa fayilo linayamba mu 1995. Zomwe anatsamirapo n'zakuti liwu lamphamvu limaphimba liwu lofooka lomwe lili pafupi nalo pa kakwezedwe, limaphimbanso timawu tofooka tobwera pambuyo pake penipeni, komanso kuti khutu silimva mofanana paliponse. Limamva kwambiri pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz, pomwe kumunsi kwenikweni ndi kumwamba kwenikweni limafuna mawu amphamvu kuti lizindikire kanthu.

Pofinya, pulogalamu imadula nyimbo m'tizidutswa, pafupifupi 38 pa sekondi. Kachidutswa kalikonse imakagawanso motsatira kukwera ndi kutsika kwa mawu, kenaka n'kuyerekeza kuti khutu la munthu limva ziti pamenepa ndipo ziti zaphimbika.

Anthu ambiri amaganiza kuti MP3 imangochotsa zida zina kapena mawu ena. Zimachitikako, koma ntchito yaikulu ndi ina: kulemba manambala mongoyerekeza. Tiyerekeze mayi wa geni akulemba m'kope ndalama za tsikulo. Akalemba K50,000 m'malo mwa K49,870, palibe amene angadandaule, cholakwikacho chabisala m'kukula kwa ndalamazo. Koma akapanga zomwezo pa K200 n'kulemba kuti palibe kanthu, kapena kuti K500, zionekera. Codec nayo imalemba mosasamala kwenikweni pomwe ikudziwa kuti kulakwitsako kuphimbika ndi phokoso la nyimbo yomweyo, n'kusamala pomwe khutu lili tcheru. Kulakwitsa kulikonse kumabala kaphokoso kosafunika, ndipo luso lonse lagona pokabisa kaphokosoko kuseri kwa mawu amphamvu.

Palinso kochenjera kwina. Mawu a woyimba wamkulu, besi ndi ng'oma kawirikawiri zimakhala chimodzimodzi kumanja ndi kumanzere. M'malo mozilemba kawiri, codec imalemba kamodzi zomwe zikufanana n'kuwonjezera kusiyana kokhako.

Tsono bitrate ili ngati ndalama zomwe wapatsidwa kuti ukagulire ndiwo. Ukapatsidwa zambiri, ugula zonse zofunika. Zikachepa, uyamba kusiya zomwe anthu sangazindikire msanga. Zikachepetsetsa, ngakhale mwana aona kuti m'ndiwo mulibe tomato. Pa 320 kbps, omwe ndi malire a MP3, codec ili ndi ma bit okwanira kubisa pafupifupi zolakwika zonse. Pa 128 imayamba kusankha, ndipo mapulogalamu ambiri pamenepa amangodula mawu onse opitirira cha m'ma 16,000 Hz kuti ma bit apite kofunika. Pa 64 kbps za MP3, kubisa kwalephereka.

Zomwe zimayamba kuwonongeka

Besi sivuta kusunga. Ndi chifukwa chake nyimbo yofinyidwa kwambiri imagundabe pamtima m'minibasi ya ku Area 23, ndipo besi ikamang'aluka m'menemo kawirikawiri mlandu ndi wa sipika kapena ampulifaya yomwe yakwezedwa mopyola mphamvu yake, osati wa fayilo.

Zovuta ndi zomwe zili ngati phokoso losalongosoka komanso zogunda mwadzidzidzi: maseche, visekese, mbale zachitsulo za pa ng'oma za bandi, kuwomba m'manja, ndi "s" wa m'mawu a woyimba. Izi zilibe dongosolo loti codec ingalosere, ndiye ma bit akachepa zimamveka ngati madzi akuchucha kapena ngati jumbo ija. Kugunda kwakuthwa, monga ndodo pa ng'oma, kumafufutika chifukwa kaphokoso kolakwika kamamwazikira m'kachidutswa konse, mpaka kuyamba kumveka kugundako kusanafike. Chinanso chomwe chimazilala ndi kamvekedwe ka chipinda. Kwaya ikajambulidwa m'tchalitchi, pamakhala kaulusi ka mawu kotsalira m'malere oyimba akatseka pakamwa. Kameneko n'kofooka, ndipo ndiko kamayamba kutayidwa. Nyimbo ya kwaya yojambulidwa pamsonkhano, anthu akuwomba m'manja ndi kululutira, imavutika pa 128 kuposa nyimbo yopangidwa pa kompyuta ndi zida zochepa.

N'chifukwa chake pali njira ina yotchedwa VBR, pomwe bitrate imasinthasintha: malo ophweka a nyimbo amapatsidwa ma bit ochepa, malo ovuta n'kupatsidwa ambiri. Inzake, CBR, imapereka mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kaya pali chete kaya pali chipwirikiti.

Nambala yomweyo, codec yosiyana

Kuyerekeza ma kbps a mitundu iwiri yosiyana kuli ngati kuyerekeza malita a mafuta osafunsa kuti galimoto yake ndi iti. MP3 ndi yakale. AAC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1997, inakonza zofooka zingapo za MP3, ndipo pa 128 kbps kawirikawiri imamveka bwino kuiposa. Opus, ya mu 2012, imachita bwino kwambiri ma bit akakhala ochepa, ndipo ndi yomwe WhatsApp imagwiritsa ntchito pa mauthenga a mawu. Uthenga wa mphindi yathunthu umatha kupita ngakhale netiweki ikuvuta chifukwa ndi kafayilo kochepetsetsa, kokonzedwera kulankhula. Woyimba amene amajambula nyimbo yake ngati uthenga wa mawu n'kutumiza kwa mtolankhani kapena DJ adziwe kuti watumiza chithunzithunzi chabe cha nyimboyo.

Makampani omvetsera nyimbo pa intaneti nawo anasankha mosiyana. Apple Music imagwiritsa ntchito AAC ya 256 kbps, ndipo kuyambira mu 2021 ilinso ndi lossless. Spotify pa foni ili ndi masitepe monga 24, 96, 160, ndi 320 kbps kwa olipira. YouTube imapereka mawu a makanema wamba mu AAC kapena Opus, kawirikawiri cha m'ma 128 mpaka 160 kbps.

Kwa ife ogula bandulo, masamu ake ndi osavuta. Ma bit 8 ndiwo amapanga byte imodzi, ndiye ola limodzi lomvetsera pa 96 kbps limadya pafupifupi 43 MB, pa 160 limadya 72 MB, pa 320 limadya 144 MB. Pa memori khadi ya 8 GB, nyimbo za mphindi 4 zingalowe pafupifupi 2,000 zikakhala za 128, cha m'ma 800 zikakhala za 320, koma zosakwana 200 zikakhala WAV. Wobena nyimbo ku Malangalanga akamakudzazirani khadi ndi nyimbo masauzande, dziwani kuti pali pomwe papanikizidwa.

Nanga 320 ya mlamu uja inalakwa pati?

Apa ndi pomwe ndikuona kuti nyimbo zambiri zomwe timamvera mu Lilongwe zimafera, osati pa 128 weniweniyo.

Tsatirani ulendo wa nyimbo imodzi. Woyimba watuluka nayo mu situdiyo ili WAV. Wopanga kanema waiphatikiza ndi zithunzi, n'kuifinya koyamba. Yakwezedwa pa YouTube, yomwe yaifinyanso mwa njira yake. Wina waitsitsa ndi timapulogalamu tosandutsa kanema kukhala MP3, kufinya kwachitatu. Wina waiika pa kanema wa status ya WhatsApp kapena pa TikTok, kwachinayi. Pomaliza yafika pa kompyuta ya wobena, amene waisandutsa 320 kuti makasitomala akhutire.

Ili ngati fotokope ya fotokope. Setifiketi ukaijambulitsa, kenaka n'kujambulitsa pepala lotulukalo, n'kubwerezanso, zilembo zimayamba kudyeka ndipo madontho akuda amachuluka. Pomaliza ukhoza kuisindikiza pa pepala lokwera mtengo kwambiri m'sitolo, koma madonthowo angooneka bwino kwambiri. Codec iliyonse yatsopano siidziwa kuti kaphokoso komwe yakapeza n'kolakwika ka inzake. Imakatenga ngati gawo la nyimbo, n'kuwonjezerapo kake. Ndipo kusandutsa fayilo ya 128 kukhala 320, kapenanso WAV, kumangokulitsa thumba. Gaga uja sabwerera.

Ndiye nambala yolembedwa pa fayilo imangokuuzani za kufinya komaliza. Za m'mbuyo siinena. Amene ali ndi kompyuta akhoza kusuzumira ndi pulogalamu yaulere ngati Audacity, yomwe imajambula chithunzi cha mawu kuyambira otsika mpaka okwera. Fayilo yolembedwa 320 koma chithunzi chake chadulidwa mowongoka ngati ndi lumo pa 16,000 Hz, mwayi waukulu ndi woti inadutsapo pa 128. Si umboni wotheratu, koma DJ wodziwa ntchito amayambira pamenepo.

Kwa oyimba ndi makwaya, izi zikutanthauza kusunga WAV yochokera ku situdiyo ngati momwe timasungira setifiketi yeniyeni, n'kumapanga MP3 iliyonse kuchokera pa imeneyo. Potumiza pa WhatsApp, kutumiza ngati document kumafikitsa fayilo momwe ilili. Wailesi ya FM payokha siidutsitsa mawu opitirira 15,000 Hz, ndipo nyumba zoulutsira mawu zimadutsitsanso nyimbo m'makina awo, ndiye ukawapatsa yotheratu kale, yofika kwa womvera ku Mchesi imakhala yotopa kawiri.

Compression inanso ya mu situdiyo

Pali chisokonezo chimodzi chofunika kuchichotsa. Mukamva wojambula nyimbo akunena za compression kapena kompuresa, kawirikawiri sakunena za kukula kwa fayilo. Akunena za chida chomwe chimachepetsa kusiyana pakati pa malo ofuula ndi malo onong'ona a nyimbo, kuti yonse ikwezedwe n'kumamveka mwamphamvu. Pang'ono n'chothandiza, mawu a woyimba samira m'zida. Chikapyola muyezo, nyimbo imakhala yofuula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ng'oma sizidumphanso, ndipo khutu limatopa msanga. Nyimbo yotero ikhoza kukhala FLAC yeniyeni koma n'kumamveka moipa kuposa MP3 ya nyimbo yosakanizidwa mwaluso. Spotify ndi YouTube masiku ano zimatsitsa nyimbo zofuula kwambiri kuti zifanane ndi zinzake, moti phindu lofuulitsa linachepa.

Kodi khutu limasiyanitsadi?

Apa anthu amagawikana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Ena amati lossless yokha ndiyo nyimbo, china chilichonse n'chinyengo. Ena amati zonsezo n'zodzionetsera, 128 ikukwana. Zomwe zimapezeka anthu akayesedwa osauzidwa kuti akumva iti n'zakuti MP3 ya 320 kapena AAC ya 256, yofinyidwa kamodzi kuchokera ku fayilo yeniyeni, ambiri amalephera kuisiyanitsa ndi CD. Pa 128 ena amasiyanitsa, makamaka pa nyimbo zovuta zija ndi pa zida zabwino. Kutsika pamenepo pafupifupi aliyense amamva.

Koma malo ndi zida zimalamula kwambiri. Kasipika ka foni sikatulutsa besi yeniyeni ndipo kamabisa zambiri, n'chifukwa chake nyimbo ya pa chinkhoswe ija inkamveka bwino m'manja mwa mlamu. M'minibasi yodutsa pa mlatho wa Lilongwe nthawi yoweruka, injini, mahutala ndi kondakitala zimachita ntchito ya chigayo chija, ndipo 96 ndi 320 zimangofanana. Masipika a pa ukwati kapena mahedifoni abwino m'chipinda cha chete amaulula zonse. Bluetooth nayo imafinyanso mawu paulendo wochoka pa foni kupita ku sipika, kawirikawiri ndi codec yotchedwa SBC yomwe imafika cha m'ma 328 kbps, choncho FLAC yodutsa pa Bluetooth wamba siifikanso ili lossless. Ubwino wa lossless womwe palibe amautsutsa ndi wa kusunga ndi kukonzanso: ungapangepo mafayilo ena kangati konse popanda kuyambira pa chinthu chodyeka kale.

Mukafuna kudziyesa, tengani nyimbo imodzi ya WAV kapena ya pa CD yomwe mumaidziwa bwino, makamaka yokhala ndi maseche kapena kuwomba m'manja. Pangani MP3 ziwiri kuchokera pa iyo, ya 128 ndi ya 320. Mnzanu aziyimba mosinthasintha inu mutatembenukira kumbali, voliyumu ili pamodzimodzi, chifukwa yokwera pang'ono nthawi zonse imamveka ngati yabwino. Yesani ka 10 mukulemba mayankho anu, iye akulembanso zoona zake. Mukapeza 5 kapena 6 ndiye kuti mumangolota. Mukapeza 9 kapena 10, khutu lanu ndi zida zanu zikusiyanitsadi. Kenaka bwerezani pa kasipika ka Bluetooth komwe mumamvera pochapa Loweruka m'mawa, muone ngati manambalawo akhalabe omwewo.